Nambala Imene Inasautsa Anzeru Zaka 259

Alipo manambala ena, monga 7 kapena 13, amene sagawika ndi nambala ina iri yonse popanda cotsala, koma ndi 1 ndi iwo okha. Awa achedwa manambala osagawika.

M'caka ca 1644 wansembe wa ku France, Marin Mersenne, analemba kuti nambala iyi ndiyo imodzi ya iwo: 147,573,952,589,676,412,927. Ipezeka pocurukitsa ma 2 okwana 67 ndi kucotsapo 1. Mau ace anakhala osatsutsika zaka zoposa mazana awiri. M'caka ca 1876 Édouard Lucas anatsimikiza kuti nambalayo igawika ndithu, koma manambala oigawa sanawapeze.

Tsono pa 31 October 1903, pa msonkhano wa akatswiri a masamu mu New York, Frank Nelson Cole ananyamuka napita kubolodi. Akuti sanaturutse mau ngakhale amodzi. Mbali yina anawerengera nambala ija ndi coko. Mbali yinzace anacurukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Mayankho awiriwo analingana, iye nakhala pansi, anthu naomba m'manja.

Pambuyo pace anaulula kuti nchitoyo inamdyera masiku a Lamulungu a zaka zitatu.