Autumn, fall ndi masika athu

Pa tsamba la mbiri lero tikambe za mawu awiri a Chingerezi omwe amatizunguza mutu: autumn ndi fall. Kusukulu tidaphunzira autumn, koma m'mafilimu ndi pa intaneti timangomva fall. Ndiye olondola ndi ati? Onse awiri, ndipo onse ankayankhulidwa ku England kale.

Kalekale Angerezi nyengo yotsatira chilimwe chawo ankangoitcha harvest, kutanthauza kukolola. Anali alimi ngati ife tomwe, ndiye nyengo ankaitchula potengera ntchito yake. Mpaka lero Ajeremani amati Herbst, mawu apachibale ndi harvest. M'zaka za m'ma 1300 kudalowa mawu oti autumn, ochokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa. M'ma 1500 kudabweranso fall, chidule cha mawu onena za kugwa kwa masamba, paja kumeneko mitengo imayoyola masamba chisanu chikamayandikira. Pang'onopang'ono harvest adatsala dzina la ntchito yokolola basi.

Angerezi atayamba kusamukira ku America, kuyambira ku Jamestown mu 1607, adapita ndi mawu onse awiri. Kumeneko fall ndiye adamera mizu, pomwe kwawo ku Britain adayamba kuzilala. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, zinthu zidali zitagawikana: a ku America amakonda fall, a ku Britain autumn.

Ife tidatengera a ku Britain. Amishoni a ku Scotland adayamba ntchito ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, ndipo dziko lino lidalowa mu ulamuliro wa Britain mu 1891. Chingerezi cha m'sukulu zathu chidachokera kumeneko, n'chifukwa chake aphunzitsi amati autumn. Ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Joni nakonso n'chimodzimodzi.

Tsono apa ndiye mumvetsere, makamaka inu omwe mumafunafuna mwayi wa sukulu kunja. Ku America ndi ku Ulaya nyengoyi ndi ya Seputembala mpaka Novembala. Kuno kum'mwera kwa dziko lapansi, autumn ndi Malichi mpaka Meyi. Fomu ikanena kuti maphunziro ayamba mu fall, ikunena Ogasiti kapena Seputembala, ndipo nthawi zambiri kulembera kumatsekedwa miyezi ingapo m'mbuyo. Ukawerengera ndi miyezi ya kuno, udzapeza anzako atatseka kale chitseko.

Komanso kunena zoona, fall sagwirizana ndi kuno. Mu Epulo tchire limakhala likadali lobiriwira. Mitengo yathu yambiri imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo cha mu Seputembala mombo umaphuka masamba ofiirira mvula isanagwe n'komwe.

Miyezi imeneyi ife tili nalo dzina lake: masika. Dzinja latha, mvula yakata, pakhomo pali dowe, maungu, nzimbe ndi mtedza wauwisi, fodya akupita ku okushoni ku Kanengo. Ngakhale amene adagona ndi njala mu Febuluwale nkhope imayamba kusalala. Ndi ganizo lomwe lija la harvest wa Angerezi akale: nyengo imadziwika ndi zakumunda. Chosangalatsa china, m'Chiswahili namonso muli mawu oti masika, koma kwa iwo ndi nyengo ya mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi. Miyezi yomweyo, mawu omwewo, tanthauzo lina.

Angerezi dzina lawo lakale adalitaya atatalikirana ndi khasu. Lathu likadalipo, koma ndi angati mwa ife amalitchula? Pa mayeso lembani autumn, pa fomu ya ku America dziwani miyezi ya fall, koma pakhomo masika asatithawe pakamwa.

Tisanakumanenso, aliyense akafunse agogo mayina a nyengo zonse za pachaka monga ankatchulira iwo, ndi miyezi yake. Tidzawalemba pamodzi n'kuona ngati a kuno akufanana ndi a ku Nsaru kapena ku Namitete.