KASUPE WA ARCHIBALD MU MZINDA WA SYDNEY

Pakati pa mzinda wa Sydney, m'dziko la Australia, pali bwalo lalikuru la mitengo ndi udzu lochedwa Hyde Park. Ca kumpoto kwa bwaloli kuli kasupe womangidwa ndi manja a anthu, amene madzi ace atumphuka m'mipope nagwera m'thamanda la mbali 6, lotambalala mamita 18. Kasupeyu ndi cikumbutso ca nkhondo, koma mlendo wofika pomwepo sapezapo cifaniziro ca msilikali, kapena mfuti, kapena mndandanda wa maina a akufa. Zimene aziona ndizo milungu ndi ngwazi za m'nthano za Agriki akale. Cifukwa cace cipezeka m'mbiri ya munthu amene anapereka ndalama zomangira.

Munthuyo anabadwa m'caka ca 1856 kufupi ndi Geelong, ndipo makolo ace anamucha John Feltham Archibald. Atakula anakonda kwambiri dziko la France pamodzi ndi mabuku ace ndi luso lace, kotero kuti anasiya maina ace oyambawo nadzicha Jules François. M'caka ca 1880 iye ndi mnzace John Haynes anayambitsa nyuzipepala yochuka, The Bulletin, imene inalimbikitsa anthu a ku Australia kulemba za kwao mosacita manyazi.

Archibald ali nkhalamba, inabuka Nkhondo Yaikuru ya 1914 mpaka 1918. Anyamata a ku Australia anaoloka nyanja kukathandiza Angerezi ndi Afalansa, ndipo pafupifupi 60,000 sanabwerere kwao. Ambiri mwa iwo anafera ku France ndi ku Belgium, m'malo monga Fromelles ndi Pozières m'caka ca 1916, ndi Villers-Bretonneux m'caka ca 1918. Pomwalira mu 1919, Archibald anasiya gawo limodzi mwa magawo atatu a cuma cace kuti amangire cikumbutso ca ubwenzi wa Australia ndi France pa nkhondoyo, nalamula kuti mmisiri wace akhale Mfalansa. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo nchitoyo inagwera François Sicard wa ku Paris, munthu amene sanapondepo m'Sydney moyo wace wonse.

Sicard anaumba zifanizirozo kwao komweko nazisungunula ndi mkuwa. Pamwamba pa mwala wa pakati anaimikapo Apollo, mulungu wa kuunika ndi nyimbo, atatambasula dzanja lace lamanja. Kumbuyo kwace madzi auluka motambasuka ngati kuwala kwa dzuwa loturuka. Pansi pace pali magulu atatu. Loyamba ndi la Diana, mulungu wamkazi wa uzimba, ali ndi uta ndi nyama ya nyanga. Laciwiri ndi la mnyamata wa kubusa ali ndi ziweto zace, cizindikiro ca zokoma za m'nthaka. M'thamandamo muli akamba a mkuwa olavula madzi.

Gulu lacitatu ndilo lisenza tanthauzo la kasupe yense. Nthano iti mzinda wa Athens unali kupereka msonkho woopsa kwa Minos, mfumu ya cisumbu ca Crete: anyamata 7 ndi atsikana 7, amene anali kuwaoletsa nyanja nkuwaponya m'nyumba ya njira zosokoneza, kuti akadyedwe ndi Minotaur, cirombo ca thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe yamphongo. Theseus, mwana wa mfumu ya Athens, anadzipereka yekha kupita nao. Ariadne, mwana wamkazi wa Minos, anampatsa thonje loti amasule polowa kuti asasokere poturuka. Ndipo Theseus anapha cirombo cija naombola dziko lace. Pa kasupepo aoneka atagwira nyanga ya cirombo nacipotolera mutu kumbuyo, lupanga liri m'dzanja lina. Sicard mwini wace anafotokoza kuti pamenepa afuna kuonetsa munthu wodzipereka cifukwa ca ubwino wa anzace. Makolo amene anaperekeza ana ao ku doko la Sydney sanasowe wowamasulira nthano imeneyi. Kusiyana kwace kunali kwakuti Theseus anabwerera kwao wamoyo.

Zifanizirozo zinatha, koma malo ace anali asanakonzeke. Masiku amenewo Hyde Park anali atakumbidwa kuti apititsemo njanji ya pansi pa nthaka, ndipo panapita zaka asanakwirire maenje ndi kubzalanso mitengo. Kasupe anatsegulidwa pa 14 March, 1932, ndi Samuel Walder, mkuru wa mzinda, patatsala masiku 5 kuti atsegule mlatho waukuru wa Sydney Harbour Bridge. Inali nyengo ya umphawi, pamene anthu ambirimbiri anali opanda nchito. Sicard anamwalira mu 1934 osaona madzi akutumphuka pa nchito ya manja ace.

M'caka comweco, ca kumwera kwa bwalo lomwelo, anatsegula Anzac Memorial, nyumba yolira asilikali, mmene muli cifaniziro ca mnyamata wakufa atamnyamula akazi atatu. Njira imodzi ya mitengo ilunzanitsa zikumbutso ziwirizi. Ku mapeto ena a njirayo anthu alowa mwa cete atabvula zipewa. Ku mapeto enawo ana athamangitsana m'mphepete mwa thamanda, ndipo anchito adyerapo cakudya cao ca masana, Theseus ali cigwirire nyanga ya cirombo cija.