Ndakatulo za Chilatini za Samuel Johnson

Samuel Johnson (1709–1784), mlembi wa ku England amene anatulutsa dikishonale yotchuka ya Chingelezi mu 1755, ankapekanso ndakatulo m'Chilatini kuyambira ali mnyamata mpaka miyezi yomaliza ya moyo wake. Pa nthawiyo Chilatini chinali chitaleka kale kulankhulidwa m'makomo, koma anthu ophunzira a ku Ulaya ankachigwiritsabe ntchito, ndipo kutumizirana ndakatulo inali njira ina yolemekezerana.

Mbiri

Zambiri pa nkhaniyi anatisungira ndi James Boswell, loya wa ku Scotland, amene anakumana ndi Johnson mu 1763 m'sitolo ya mabuku ya Thomas Davies ku London. Buku lake lofotokoza moyo wa Johnson linatuluka mu 1791, ndipo ambiri amati palibe mbiri ya munthu m'Chingelezi yoliposa. Ulemuwo ndi woliyenera, chifukwa Boswell ankalemba zokamba za mnzakeyo asanaziiwale, n'kusunga makalata ndi ndakatulo zomwe ena akadataya.

Mu 1728, ali ku Pembroke College ku Oxford, Johnson anamasulira m'Chilatini ndakatulo ya Alexander Pope yotchedwa Messiah, ndipo inasindikizidwa mu 1731. Mu 1772, atamaliza kukonzanso dikishonale ija, analemba ndakatulo yodandaula za kutopa ndi chisoni chimene chinamugwira ntchito itatha. Chaka chotsatira ali pa chilumba cha Skye ndi Boswell anapeka zina, imodzi yopita kwa mnzake Hester Thrale. Mu June 1783 anadzidzimuka usiku atagwidwa ndi sitiroko, ndipo pofuna kudziwa ngati mutu ukugwirabe ntchito, anapeka pemphero m'mizere ya Chilatini. Mizereyo sinali yabwino kwenikweni, koma poti anatha kuzindikira zimenezo, mtima unakhala pansi. Chakumapeto kwa moyo wake, tulo tikamusowa, ankamasulira ndakatulo zazifupi za Chigiriki kupita m'Chilatini.

Kapekedwe

Ndakatulo zotere zimatsata miyeso ya alakatuli akale a ku Roma monga Horace, imene imadalira kusanja maphatikizo aatali ndi aafupi. Ana asukulu ankaphunzira lusoli pobwerezabwereza. Akatswiri ena amaona kuti Johnson ankaulula zakukhosi momasuka m'Chilatini kusiyana ndi m'Chingelezi.

Kalata ya mayina ozungulira

Mlembi mnzake Oliver Goldsmith atamwalira mu 1774, Johnson analemba m'Chilatini mawu oti azokotedwe pa mwala womukumbukira mu Westminster Abbey. Anzake ena, atakumana pa chakudya kunyumba kwa mnzawo Joshua Reynolds mu 1776, anagwirizana kuti munthu amene anatchuka polemba Chingelezi akumbukiridwe m'Chingelezi chomwecho. Vuto linali lakuti akamuuze ndani, pakuti Johnson anali wakuthwa pakamwa. Nzeru imene anapeza ndi ya amalinyero akamadandaula kwa mkulu wa sitima: pempholo linalembedwa pakati pa pepala, mayina n'kusainidwa molizungulira kuti woyamba kusaina asadziwike. Pa osainawo panali Edmund Burke ndi Edward Gibbon, anthu olemekezeka m'dziko lonselo, koma onse anabisala m'bwalo la mayinalo! Reynolds ndiye anakapereka pepalalo. Johnson analilandira mosangalala, navomera kusintha mfundo iliyonse imene iwo angafune, koma za Chingelezi anakanitsitsa, ndipo mawuwo ali m'Chilatini mpaka lero. Nawo mawu a pa chipilala cha Johnson mwiniwake mu St Paul's Cathedral ndi a Chilatini, ndipo anawalemba ndi Samuel Parr.