Mazinga a fuliwilo: mbiri imene ingatipulumutsire ndalama

Abale amalonda ndi madalaivala, ambiri a ife tayamba kugula njinga zakale zampikisano ku Cape Town n'kumatumiza kumudzi. Mzinda umenewu ndi wa anthu okonda njinga. Mpikisano wa Cape Town Cycle Tour unayamba mu 1978, ndipo opalasa amadutsa mu Sea Point akamakamalizira ku Green Point. N'chifukwa chake m'dera limeneli mumapezeka njinga zakale za ku France ndi ku Italy. Koma tisanatulutse ma Rand, tidziwe kaye mbiri ya mazinga.

Kale dziko lililonse linkadula mazinga ake pamene fuliwilo amamangidwira pa habu. Angerezi, eni ake a Raleigh ya ku Nottingham, ankadula mazinga 24 pa inchi imodzi, pa habu yokula mamilimita 34.8. Njinga zambiri zimene makolo athu ankabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Halale zinali za muyezo umenewu, ndipo ndi umene amakanika a kwathu anauzolowera mpaka lero. Ku Italy mazinga analinso 24, koma habu inali ya mamilimita 35. Ku France, kwawo kwa Peugeot ndi Motobécane, habu inali ya 34.7, ndipo mazinga ankatalikirana milimita imodzi, kutanthauza oposa 25 pa inchi.

Muyezo wa ku France unasiyidwa cha m'ma 1980, mafakitale atagwirizana zotsatira muyezo umodzi wofanana kwambiri ndi wa Angerezi. Fuliwilo amene timagula m'masitolo lero ndi wa muyezo umenewu.

Vuto ndi ili: ndi maso simungaone kusiyana. Fuliwilo watsopano pa habu yakale ya ku France amatha kuyamba kulowa, koma mazinga ake sagwirizana ndi a habuyo. Mukakakamiza, chitsulo chimadya mazinga a habu, chifukwa habu zambiri zampikisano ndi za aluminiyamu. Zikatero ndiye kugula habu ina n'kulukanso masipoko onse, phindu lathera pomwepo.

Tikapeza njinga yotere, tisataye fuliwilo wake wakale ngakhale atachita dzimbiri. Poyesa watsopano, tipake girizi n'kumanga ndi dzanja lokha. Akalimba asanafike kumapeto, timasule. Ngati njinga ikupita kumudzi, ndi bwino kuisinthiratu habu tili konkuno, kuti mwini wake akapeze zipangizo ku Limbe kapena ku Mzuzu osavutika.