Geoffrey Colby

Sir Geoffrey Francis Taylor Colby (25 Marichi 1901 – 22 Disembala 1958) anali mzungu wa ku Britain amene ankagwira ntchito m'maboma a atsamunda mu Africa. Anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland, dziko lomwe lero ndi Malawi, kuyambira 1948 mpaka 1956. Amadziwika ngati bwanamkubwa wokonda chitukuko, makamaka cha ulimi, ndipo mu nthawi yake ndi pomwe anthu akuda analowa koyamba m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Koma ulamuliro wake womwewo ndi umene unakakamiza anthu kutsatira malamulo a malimidwe, unalowetsa dziko lino m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndiponso unachotsa pa mpando Inkosi Gomani II ya Angoni a ku Ntcheu mu 1953.

Moyo wake asanabwere ku Nyasaland

Colby anabadwira ku England. Anaphunzira pa sukulu ya Charterhouse, kenako ku Clare College pa yunivesite ya Cambridge. Mu 1925 anayamba ntchito ya boma la atsamunda ku Nigeria, komwe anakhala zaka zoposa 20. Anayambira m'maboma a kumpoto kwa dzikolo, ndipo pambuyo pake anasamukira ku likulu ku Lagos. Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse ankayang'anira za kapezedwe ndi kagawidwe ka chakudya ndi katundu wina. Ntchito imeneyi inamupatsa mbiri ya munthu wodziwa za chuma ndi malonda, ndipo mu 1948 anatumizidwa ku Nyasaland kukalowa m'malo mwa Sir Edmund Richards.

Nyasaland m'nthawi ya tsankho

Pamene Colby ankafika, m'dziko muno munali anthu akuda oposa 2 miliyoni, pomwe azungu sankafika ndi 10,000 omwe. Ngakhale zinali choncho, mphamvu zonse zinali m'manja mwa azungu. Sukulu za ana a azungu, amwenye ndi anthu akuda zinali zosiyana, chimodzimodzinso zipinda za odwala m'zipatala ndi malo okhala m'matauni. Makalabu a ku Zomba ndi Blantyre ankalowa azungu okha. M'masitolo ena munthu wakuda ankagulira pa windo, ndipo malipiro ake m'boma anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mzungu.

Kum'mwera, malo aakulu achonde anali a makampani ndi azungu olima tiyi ndi fodya. Anthu okhala m'minda imeneyi ankalipira lendi kapena kugwira ntchito ya thangata kuti asathamangitsidwe. Amuna ambiri ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, kotero kuti ankadziwa bwino za chitupa ndi kulandidwa kwa malo komwe anzawo a kumeneko ankakumana nako.

Njala ya 1949

Vuto loyamba lalikulu lomwe Colby anakumana nalo linali njala. Mvula ya dzinja la 1948 mpaka 1949 inadula mbewu zisanakhwime, ndipo madera ozungulira Blantyre, monga Lunzu, anakhudzidwa kwambiri. Boma linagula chimanga kunja, koma chinkachedwa kufika chifukwa mlatho wa njanji wa pa Chiromo unali utakokoloka ndi madzi osefukira mu 1948. Amuna ambiri anapita kukasuma kumadera a kumtunda monga Ntcheu, Neno ndi Mwanza, ndipo ena sanabwerere msanga kwa akazi ndi ana awo. Chiwerengero cha boma chinati anthu pafupifupi 200 anafa, koma olemba mbiri amakhulupirira kuti anafa ndi ochuluka kuposa pamenepo.

Njalayi inalimbitsa maganizo a Colby akuti dziko silingatukuke pokhapokha alimi atasintha kalimidwe, boma litagwira msika wa zokolola, ndiponso nthaka itatetezedwa.

Ntchito za chitukuko

Colby ankakhulupirira kuti chitukuko chiyenera kulipiridwa ndi chuma cha dziko lomwelo. Anakhazikitsa msonkho pa tiyi ndi fodya wotumizidwa kunja, chinthu chomwe chinakwiyitsa azungu a minda. Ndalama zina zinkachokera ku thumba la chitukuko cha maiko olamulidwa ndi Britain.

Mu nthawi yake malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, anakula ndi kuyamba kuyesa mbewu zatsopano za chimanga. Boma linayambitsa ndondomeko ya alimi achitsanzo, omwe ankalandira mphotho akatsatira malangizo. Mu 1952 linakhazikitsa bungwe la Produce Marketing Board logula zokolola kwa alimi. Bungweli pambuyo pake linaphatikizidwa ndi a fodya ndi thonje, ndipo ndi kholo la ADMARC yomwe inakhazikitsidwa mu 1971. Alimi ankadandaula kuti mabungwewa ankagula pa mtengo wotsika kusiyana ndi womwe ankagulitsira kunja.

Mu 1951 sitima ya Ilala inayamba kuyenda pa nyanja, ndipo chaka chomwecho sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza inatsegulidwa, kuwonjezera pa za Blantyre ndi Zomba. Damu la Mudi linamangidwa kuti lipereke madzi ku Blantyre. Ntchito zina sizinaphule kanthu, monga yodzala mitengo ya tung ku Viphya.

Pa nkhani ya malo, boma linatsatira malangizo a lipoti la Sir Sidney Abrahams la 1946 pogula malo osalimidwa kwa eni minda ndi kukhazikapo anthu akuda. Ntchitoyi inayenda pang'onopang'ono, ndipo thangata sanathe mu nthawi ya Colby. Anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Kusintha kwa ndale

Mu 1949 anthu akuda awiri, Ernest Alexander Muwamba ndi Ellerton Mposa, anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo, pamodzi ndi mmwenye mmodzi. Aka kanali koyamba, chifukwa kale mmishonale wachizungu ndi amene ankalankhulira anthu akuda. Mu 1953 anawonjezerapo wachitatu, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo la makhonsolo a m'maboma.

Malamulo a 1955 anapereka mipando 5 kwa anthu akuda ndi 6 kwa azungu ndi amwenye, pomwe akuluakulu a boma anakhalabe ochuluka m'Nyumbamo. Anthu wamba sankavota. Makhonsolo a zigawo ndi omwe ankasankha. Pa chisankho cha 1956 anapambana ndi Henry Chipembere, Kanyama Chiume, Dunstan Chijozi, Nophas Kwenje ndi James Ralph Chinyama. Chipembere ndi Chiume, omwe anali anyamata ophunzira a chipani cha Nyasaland African Congress, anagwiritsa ntchito Nyumbayo potsutsa boma poyera.

Colby ndi Chitaganya

Kuyambira 1951 boma la Britain ndi azungu a ku Rhodesia ankakambirana zophatikiza Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda a m'dziko muno, mafumu ndi ophunzira omwe, anakana chifukwa ankaopa kuti tsankho la ku Salisbury lifika kuno ndipo ufulu wodzilamulira sudzapezeka. M'makalata ake achinsinsi opita ku London, Colby anachenjeza kuti anthu sakufuna Chitaganya ndipo anakayika ngati Nyasaland ayenera kulowamo. Boma la Britain silinamvere. Chigamulo chitapangidwa, iye anachitsatira monga wantchito wa boma, n'kulimbikira zoti Nyasaland apeze gawo labwino la ndalama za Chitaganya. Anthu wamba sankadziwa za makalatawo, choncho kwa iwo Bwanamkubwa anali mbali imodzi ndi ofuna Chitaganya.

Kumayambiriro kwa 1953 nthumwi za mafumu zinapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi Elizabeth II, koma sizinaloledwe kuonana naye. Zitabwerako, mafumu ndi a Congress anapanga bungwe limodzi ndi kupempha anthu kuti aleke kugwirizana ndi boma.

Mkangano wa ku Ntcheu

Boma la Ntcheu, lomwe atsamunda ankalemba kuti Ncheu, lili ndi mapiri ndi zitunda zambiri, ndipo a zaulimi ankaliona ngati dera lomwe nthaka ikukokoloka. Malamulo a malimidwe ankalamula mlimi kulima mizere yopingasa m'malo mwa matutu, kukumba milambala, kusosa munda tsiku loikidwa lisanakwane, ndi kusalima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, ndipo nthawi zina mbewu zake zinkazulidwa. Milandu imeneyi inkaweruzidwa m'makhoti a mafumu, kotero mafumuwo ndi amene ankadedwa ndi anthu awo.

Inkosi Philip Gomani II anali mwana wa Gomani I, yemwe anaphedwa ndi asilikali a Britain mu 1896. Analowa ufumu mu 1921 ndipo likulu lawo linali ku Lizulu. Kwa zaka zambiri boma linkawatama kuti ndi mfumu yokhulupirika ndi yokonda chitukuko. Koma mu Meyi 1953, potsutsa Chitaganya, Inkosi inauza anthu ake kuti asamverenso malamulo a malimidwe, a nkhalango ndi a ziweto. Atakana kubweza mawu awo, boma linawaimitsa pa udindo ndi kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu.

Apolisi atafika ku Lizulu kuti awatenge, khamu la anthu linawatchinga. Lizulu ali m'malire enieni, moti kungowoloka msewu munthu amakhala kuti walowa ku Mozambique. Inkosi, yomwe inali yodwala, inathawira ku Angonia pamodzi ndi mwana wake Willard komanso m'busa wa mpingo wa Anglican, Michael Scott, yemwe ankathandiza anthu akuda kutsutsa Chitaganya. Apwitikizi anawagwira ndi kuwabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko, ndipo Gomani anatengeredwa ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo. Anamwalira mu Meyi 1954 asanabwezeredwe ufumu wawo. Mafumu ena angapo anatula pansi udindo posonyeza kukwiya. Patapita zaka, Willard anadzakhala Inkosi Gomani III.

Nkhaniyi inasonyeza malire a kusintha komwe Colby ankabweretsa. Boma linali lokonzeka kumanga sukulu ndi madamu komanso kupereka mipando ingapo m'Nyumba ya Malamulo, koma silinali lokonzeka kumva anthu akakana. Kuchokera nthawi imeneyo, kwa alimi ambiri kukana mizere ndi kukana Chitaganya zinakhala nkhani imodzi.

Zipolowe za Ogasiti 1953

Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe zinayamba ndi mlandu wa kuba malalanje pa munda wa mzungu wina. Gwero lake lenileni linali kuchepa kwa malo, thangata ndi Chitaganya. Anthu anatseka misewu ndi kudula mawaya a telefoni, ndipo chisokonezo chinafalikira m'maboma ena a kum'mwera. Boma linaitanitsa apolisi kuchokera ku maiko oyandikana nawo. Anthu akuda 11 anaphedwa. Zitatha izi Colby anafulumizitsa kugula malo kwa eni minda, koma malamulo a malimidwe anapitirira.

Kupuma ntchito ndi mbiri yomwe anasiya

Colby anachoka mu 1956 ndipo Sir Robert Armitage analowa m'malo mwake. Asananyamuke, anauzanso London kuti anthu a Nyasaland sanavomereze Chitaganya ndipo vutoli lidzakula. Anamwalira ku Britain mu Disembala 1958, patangotha miyezi yochepa Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi. Pa 3 Marichi 1959 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ndi kumanga atsogoleri a Congress. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964.

Sukulu yophunzitsa alangizi a zaulimi ya pa Chitedze inatchedwa dzina lake. Wolemba mbiri Colin Baker anasindikiza buku la moyo wake mu 1994 lotchedwa Development Governor. Omuyamikira amati anakweza chuma cha boma ndi kuyala maziko a kafukufuku wa ulimi, ndipo mizere yomwe inkakanidwa kale ndi imene alimi ambiri a ku Malawi amalima lero. Omudzudzula amati chitukuko chake chinkabwera ndi chindapusa ndi ndende, ndiponso kuti anakhazikitsa Chitaganya chomwe iye mwini ankachikayikira. Ku Ntcheu, zaka za ulamuliro wake zimakumbukiridwa kwambiri chifukwa cha zomwe zinachitikira Inkosi Gomani II.