Mboni ndi Nkhokwe: Mbiri ya Makanema Ojambulidwa ndi Anthu Wamba

MAU OYAMBA

Pabwalo la milandu la makolo athu akuluakulu ankasiyanitsa anthu awiri: wonena zimene anamva ndi wonena zimene anaona ndi maso ake. Woyambayo ankamumvera mwaulemu, koma mau ake sankamanga mlandu. Wachiwiriyo ndiye mboni. Komabe mboni ili ndi zofooka zake, pakuti imaiwala, imachita mantha, itha kugulidwa, ndipo potsiriza imafa. M'nkhani ino tilondola mbiri ya mboni ya mtundu wina, ndiyo kanema wojambulidwa ndi munthu wamba, amene masiku ano aliyense wokhala ndi foni atha kumuika pa intaneti kuti anzake amuonere pafoni pomwepo kapena pa wailesi yakanema ya m'nyumba. Funso lathu ndi ili: kuyambira chaka cha 1963 mpaka lero, ndani wakhala ndi mphamvu yolola kuti zojambulidwa ndi munthu wamba zioneke, ndipo ndani amazisunga?

NTHAWI YA ALONDA A PACHIPATA

Pa 22 Novembala 1963 Abraham Zapruder, mwini fakitale ya zovala za amai mumzinda wa Dallas, anaima m'mbali mwa mseu ndi kamera yake yaing'ono ya Bell & Howell kuti ajambule Pulezidenti John F. Kennedy akudutsa. M'masekondi 26, m'zithunzi 486 zotsatizana, anajambula imfa ya mtsogoleriyo. Magazini ya Life inagula kanemayo pamtengo wa madola 150,000, ndipo inasindikiza zithunzi zina zokhazokha, zina nkuzibisa. Anthu a ku America anadikira mpaka mwezi wa Malichi 1975 kuti amuone akuyenda pa wailesi yakanema ya dziko lonse, ndiyo ABC. Atamuona anakwiya kwambiri, ndipo mkwiyowo unathandiza kuti mu 1976 nyumba ya malamulo ikhazikitse komiti yofufuzanso za imfayo. Tsono taonani: umboni unalipo kuyambira tsiku loyamba, koma unakhala zaka zoposa 11 m'manja mwa eni magazini, amene anali ndi mphamvu yonena kuti anthu aone chiyani ndipo liti.

Patapita zaka 28 zinthu zinali zitasinthako. Usiku wa pa 3 Malichi 1991 George Holliday, wokonza mipope ya madzi ku Los Angeles, anadzutsidwa ndi phokoso, natenga kamera yake ya Sony, najambula apolisi akumenya munthu wakuda dzina lake Rodney King. Anayamba wadziwitsa apolisi, koma iwo sanalabade; pamenepo anapita ndi tepi yake ku wailesi yakanema ya KTLA, ndipo m'masiku owerengeka dziko lonse lapansi linaona. Nthawi yodikira inafupika, koma chipata chinali chikhalire. Mkonzi wa nkhani akadakana, tepiyo ikadathera m'kabati.

Mlandu wa King uli ndi phunziro lina limene tidzabwererako. Pozenga mlanduwo mu 1992, maloya a apolisi anaonetsa kanemayo pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi, namasulira kuti kugwedezeka kulikonse kwa King kunali kulimbana ndi apolisi. Pa 29 Epulo bwalo silinapeze ndi mmodzi yemwe wolakwa mwa apolisi anaiwo, ndipo m'chipolowe chimene chinabuka mumzindamo munafa anthu oposa 60. Bwalo la boma lalikulu ndilo linadzapeza awiri olakwa mu 1993. Kanema anali mmodzi yemweyo, koma mabwalo awiri anamumasulira mosiyana.

CHIPATA CHIGUMUKA

Pa 26 Disembala 2004 mafunde aakulu otchedwa tsunami anapha anthu oposa 220,000 m'maiko ozungulira nyanja ya Indian Ocean. Zambiri zimene dziko linaona za tsokali zinajambulidwa ndi alendo odzapuma m'mbali mwa nyanja. Koma kupeza makanemawa pa intaneti kunali kovuta, chifukwa kanema anali katundu wolemera wosatheka kumtumiza ngati kalata, ndipo woonera ankayenera kuyamba wamkopera yense mu kompyuta yake, mwinanso nkupeza kuti kompyutayo ikukana kumtsegula.

Vutoli ndi limodzi mwa zimene Jawed Karim anati zinamlimbikitsa pamene iye, Chad Hurley ndi Steve Chen, onse atatu akale a kampani ya PayPal, anayambitsa YouTube mu Febuluwale 2005. Nzeru yao inali yakuti munthu atumize kanema wa mtundu uliwonse, makompyuta a kampani amsandutse kukhala wa mtundu umodzi woseweredwa ndi pulogalamu ya Flash imene inali kale m'makompyuta ambiri, ndipo woonera ayambe kuona pomwe zotsala zikubwerabe. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu womwa pampope ndi wodikira kuti mtsuko udzaze kaye. Kanema woyamba anaikidwa pa 23 Epulo 2005: masekondi 19 a Karim ataima patsogolo pa njovu kumalo osungirako nyama ku San Diego. Pofika Julaye 2006 anthu ankaika makanema atsopano 65,000 tsiku lililonse, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho kampani ya Google inagula YouTube pamtengo wa madola 1.65 biliyoni. Magazini ya Time, posankha munthu wopambana wa chaka cha 2006, inasankha wowerenga aliyense, ponena kuti tsopano anthu wamba ndiwo akulemba ndi kujambula nkhani za dziko. Ambiri anakhulupirira kuti mlonda wa pachipata wafa.

KUCHOKERA M'THUMBA KUFIKA PABALAZA

YouTube yoyambayo inali ya munthu wokhala pampando patsogolo pa kompyuta. Chaka cha 2007 ndicho chinatsegula njira ziwiri zatsopano m'mwezi umodzi wa Juni: foni ya iPhone inatuluka ili ndi YouTube m'kati, ndipo kabokosi ka Apple TV kanayamba kuonetsa makanema omwewo pa wailesi yakanema ya m'nyumba. IPhone yoyambayo inkangoonetsa, siinkajambula kanema. Ya mu 2009 ndiyo inatha kujambula ndi kutumiza ku YouTube nthawi yomweyo. Kamera, positi ofesi ndi nyumba yoonetsera kanema zinalowa m'thumba limodzi.

Zotsatira zake sizinachedwe. Pa 20 Juni 2009, pa zionetsero zotsutsa chisankho ku Tehran, mtsikana wina dzina lake Neda Agha-Soltan anaomberedwa nafera pamseu. Boma la Iran linali litaletsa atolankhani akunja kutola nkhani za zionetserozo, koma munthu wosadziwika anajambula ndi foni, ndipo m'maola ochepa kanemayo anali ponseponse. Mphoto ya utolankhani ya George Polk inaperekedwa kwa ojambula osadziwikawo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Njira ya kunyumba inayenda pang'onopang'ono koma inafika. Mu 2013 Google inatulutsa Chromecast, kachipangizo ka madola 35 kolumikiza foni ku wailesi yakanema, ndipo opanga mawailesiwo nawonso ankawagulitsa YouTube ili kale m'kati. Mu Febuluwale 2025 mkulu wa YouTube, Neal Mohan, analengeza kuti ku America anthu amathera maola ambiri akuonera YouTube pa wailesi yakanema kuposa pafoni. Motero galasi lomwelo limene linakana Zapruder kwa zaka 11 tsopano limaonetsa zimene mwana wa sukulu wajambula dzulo. Kwa ife a ku Malawi mbiriyi inapanikizana kwambiri, pakuti Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, zaka 6 zokha YouTube isanabadwe.

Chimake cha mboni yatsopanoyi chinaoneka pa 25 Meyi 2020 ku Minneapolis. Darnella Frazier, mtsikana wa zaka 17, anajambula wapolisi Derek Chauvin atagwada pakhosi pa George Floyd mpaka munthuyo kufa. Chikalata choyamba cha apolisi chinanena za munthu amene anadwala ali m'manja mwao, osatchulapo za bondo. Mtsikanayo anaika kanemayo pa Facebook usiku womwewo, osapempha chilolezo kwa mkonzi aliyense. Pa 20 Epulo 2021 Chauvin anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo pambuyo pake analamulidwa kukhala m'ndende zaka 22 ndi theka. Zimene zinatenga zaka kwa Zapruder ndi masiku kwa Holliday zinatenga maola kwa Frazier.

NKHOKWE YA ENI

Apa owerenga angaganize kuti nkhani yatha bwino. Koma tifunse: makanema onsewa amagona kuti? Amagona m'makompyuta a makampani owerengeka, amene amapeza ndalama zao kwa otsatsa malonda. Kuyambira 2007 YouTube imagawana ndalamazi ndi eni makanema, ndipo mu 2012 inasintha ndondomeko ya makompyuta ake osankhira woonera kanema wotsatira, kuti azikweza makanema amene amasunga munthu nthawi yaitali. Mu 2017 kampaniyo inalengeza kuti anthu amaonera maola 1 biliyoni tsiku lililonse, ndipo mu 2019 makanema a maola oposa 500 ankaikidwa pa mphindi iliyonse. Palibe gulu la anthu lingathe kupenda mulu wotere, nchifukwa chake ntchito yosankha ndi yochotsa inaperekedwa kwa makina. Makinawo anaphunzitsidwa kuyeza chokopa maso, ndipo chokopa maso ndi choona sizikhala chinthu chimodzi nthawi zonse.

Sitinganene kuti mlonda ndi wosafunika. Pa 15 Malichi 2019 munthu wina anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, uku akuulutsa zochita zakezo pa Facebook. M'maola 24 oyamba kampaniyo inachotsa kapena kutsekereza makope 1.5 miliyoni a kanemayo. Chipangizo chomwe chinathandiza Frazier chinali chitathandiza kale wakupha kufalitsa chidani chake.

Koma mlonda wa makina sasiyanitsa wonyadira kupha ndi wochitira umboni za kupha. Nkhondo ya ku Syria, imene inayamba mu 2011, inajambulidwa ndi anthu wamba kuposa nkhondo iliyonse ya m'mbuyo mwake, ndipo ambiri a iwo anasungitsa makanema ao pa YouTube pokha. Mu 2017 YouTube itayamba kugwiritsa ntchito makina atsopano ochotsa makanema a zigawenga, makanema zikwizikwi a ku Syria anafufutika m'masabata ochepa. Bungwe la Syrian Archive ndi ena anadandaula, ndipo ena mwa makanemawo anabwezeretsedwa, koma ena anapitiratu, pakuti owajambula anali atafa kapena ali m'ndende, ndipo panalibe wowadandaulira. Chodabwitsa nchakuti mu Ogasiti chaka chomwecho bwalo la milandu la dziko lonse la ICC ku The Hague linatulutsa chikalata chomangira Mahmoud al-Werfalli, mkulu wa asilikali ku Libya, modalira kwambiri makanema amene anaikidwa pa masamba a mchezo a pa intaneti. M'nyengo imodzi bwalo linali kulandira umboni wa mtundu umenewu, makina ali kuufufuta.

Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Wosungitsa chimanga chake m'nkhokwe ya mnzake sanganene kanthu mwiniwake akafuna kuiphwasula. Kampani ya MySpace inavomera mu 2019 kuti posamutsa makompyuta ake inataya nyimbo, zithunzi ndi makanema zimene anthu anaika m'zaka pafupifupi 12. Panalibe bwalo lozengerapo mlandu umenewu, chifukwa osungitsawo anali atavomera kale malamulo a eni nkhokwe tsiku limene analowa.

Pamwamba pa izi pabwera vuto lina. Masiku ano makompyuta atha kupanga kanema wooneka ngati weniweni wa chinthu chimene sichinachitike. Kuopsa kwake kuli pawiri: bodza litha kuoneka ngati choona, ndiponso wolakwa wogwidwa pa kanema weniweni atha kukana kuti ndi wopeka. Chofunika tsopano ndi kudziwa amene anajambula, malo ake, tsiku lake, ndi manja onse amene kanemayo anadutsamo. Ndondomeko ya Berkeley Protocol, imene ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inatulutsa mu 2020 pamodzi ndi yunivesite ya California ku Berkeley, imalongosola ntchito yomweyi: kusunga ndi kutsimikizira umboni wotengedwa pa intaneti kuti uthe kuima pabwalo.

MAU OTSIRIZA

Mbiri imene talondolayi ikutionetsa zinthu ziwiri. Choyamba nchakuti mphamvu yojambula ndi youlutsa inachokadi m'manja mwa ochepa nifika kwa munthu wamba, ndipo amphamvu ambiri amene kale akadabisa zolakwa zao ayankha milandu chifukwa cha ichi. Chachiwiri nchakuti mlonda wa pachipata sanafe, anangosamuka. Kale ankaima pakhomo lolowera, ali ndi dzina ndi ofesi, kotero kuti anthu ankatha kumdzudzula. Lero amakhala m'nkhokwe momwemo, nasankha zoti zikwere, zoti zimire ndi zoti zifufutike, ndipo kawirikawiri ndi makina osayankha funso.

Mlandu suola, koma umboni umaola ngati palibe wousamala. Ndiye mtundu uliwonse wofuna kukumbukira zimene unaona uyenera kukhala ndi nkhokwe zakezake, m'mayunivesite, m'nyumba zosungiramo mbiri ndi m'mabanja momwe, m'malo mongodalira kampani ya kutsidya kwa nyanja. Uyeneranso kulera anthu odziwa kufunsa kanema mafunso amene akuluakulu ankafunsa mboni pabwalo: unali kuti, unaona chiyani, ndipo nchiyani chimene sunaone? Tisaiwale kuti pa mlandu wa Chauvin kanema sanaime yekha. Darnella Frazier anaitanidwa, nalumbira, nayankha mafunso a maloya a mbali zonse ziwiri, monga mboni zakhala zikuchitira kuyambira kalekale.