Tsokonombwe Adatha Mtunda N'kudumpha: Mbiri ya Kukwera kwa Mpira wa ku Dedza

Boma la Dedza lidagawika pawiri, kumtunda ndi kuchigwa. Kumtunda kuli chisanu, mbatatesi ndi mapiri. Kuchigwa, ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, kuli kutentha, malambe, mpunga wa ku Bwanje ndi nsomba za m'nyanja. Munthu wochoka m'mphepete mwa nyanja kupita ku boma amakwera chitunda cha mamita opitirira 1,000 kudzera mumsewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Mapiri omwewa ndiwo adatsika Inkosi Kachindamoto ndi Angoni awo m'zaka za m'ma 1890 pobwera kudzakhazikika pakati pa Achewa ndi Ayao a kunyanja.

Anthu a mbali ziwirizi amasiyana nyengo, ulimi ngakhalenso magule, ndipo n'zowerengeka zinthu zimene onse amazitchula ndi pakamwa pamodzi kuti n'zawo. Chimodzi mwa zinthuzo ndi timu ya mpira wamiyendo imene imanyamula dzina la boma lawo. Mbiri ya momwe dzinalo lidakwerera mu ligi yaikulu ya dziko lino, momwe lidagwera, ndi momwe lidadzukiranso, ndi mbiri ya m'badwo uno, ndipo iyenera kusungidwa pamodzi ndi ya makolo.

Makwerero a mpira m'Malawi

Mpira wamiyendo udafika m'dziko muno m'nthawi ya atsamunda kudzera mwa amishoni, sukulu zawo ndi asilikali. Posakhalitsa udalowerera m'midzi, kumene ana adayamba kumanga chikulunga n'kumamenya pabwalo lililonse losalala, miyala iwiri kapena nsungwi zili m'malo mwa magolo. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, bungwe la Football Association of Malawi, lodziwika kuti FAM, lidakhazikitsidwa mu 1966. Ligi yaikulu ya dziko lonse, ya Super League, idayamba mu 1986, ndipo kuyambira mu 2007 idathandizidwa kwa zaka zambiri ndi kampani ya lamya ya TNM.

Pansi pa ligi yaikuluyi pali makwerero aatali. Timu imayambira m'mipikisano ya m'boma mwake, kenako imalowa mu ligi za chigawo: ya Division One, ndipo ikachita bwino imakwera mu Premier Division. M'chigawo chapakati ligi zimenezi zimayendetsedwa ndi bungwe la CRFA, ndipo kwa zaka zambiri dzina la sitolo za Chipiku ndilo lidali pa ligi ya Premier. Khomo lolowera kumwamba lidali lopapatiza: pachaka pankakwera timu imodzi yokha kuchokera m'chigawo chilichonse, kumpoto, pakati ndi kumwera, pamene matimu atatu a pansi penipeni mu Super League ankatsika. Timu yothera pachiwiri inkayambiranso chaka chamawa ngati kuti sidachitepo kanthu.

Ligi ya mizinda ndi mabungwe

Kuti kukula kwa ntchito imene Dedza idagwira kuoneke, m'pofunika kuona eni ake a ligi yaikulu. Kuyambira mu 1986 kufika mu 2024, timu iliyonse imene idatenga ukatswiri wa Super League idali ya mumzinda wa Blantyre kapena wa Lilongwe. Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers ndiwo adagawana zaka zambiri, ndipo zaka zotsalazo zidapita kwa matimu monga Civo United, MDC United, Admarc Tigers, Escom United ndi Kamuzu Barracks, imene idapambana mu 2016.

Kumbuyo kwa pafupifupi timu iliyonse yokhalitsa kudali thumba lalikulu. Silver Strikers ndi ya banki yaikulu ya Reserve. Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma. Blue Eagles ndi ya apolisi. Red Lions ya ku Zomba, Moyale Barracks ya ku Mzuzu, Mafco ya ku Salima ndi Kamuzu Barracks ndi za asilikali, ndipo osewera ake ambiri amalandira malipiro a usilikali mwezi ndi mwezi. Bullets idadutsa m'manja mwa Bata, Total, Bakili Muluzi ndi Nyasa, pamene Wanderers idatchedwapo ndi maina a Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, Be Forward ndi Mukuru. Timu ya kumudzi ikalowa pakati pa zimphona zotere imapikisana ndi mabanki, makampani ndi boma lenilenilo, iyo ikudalira zopereka za amalonda a pamsika ndi ndalama za pachipata.

Kukwera koyamba ndi kugwa

Boma la Dedza lidalawa ligi yaikulu mu 2015 kudzera mu timu ya Dedza Young Soccer. Kwa chaka chimodzi matimu amene anthu ankangowamva pawailesi adasanduka adani okumana nawo maso ndi maso. Chaka chimenecho ukatswiri udapita kwa Big Bullets, ndipo Dedza Young Soccer idathera kumunsi kwa ndandanda n'kutsika. Ligi ya 2016 idayamba ndi matimu 16 koma dzina la Dedza mudalibe.

Kugwa kotere si kwachilendo. Timu ikakwera imapeza kuti zonse zakwera mtengo pamodzi nayo. Ulendo suthera pa Lilongwe, Mchinji kapena Kasungu ngati mu ligi ya chigawo: umafika ku Mzuzu, ku Karonga, ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo osewera ayenera kudya ndi kugona. Malamulo a FAM amafuna bwalo lovomerezeka, mphunzitsi wa maphunziro oyenera ndi mapangano olembedwa a osewera. Walira mvula walira matope, ndipo matimu ambiri okwera kumene matopewo adawameza chaka choyamba chomwecho.

Kuyambira mu 2016 mpaka 2021 boma la Dedza lidakhala lopanda timu mu ligi yaikulu. Moyo wa m'ligi za chigawo ngwovuta m'njira yakeyake. Mabwalo ambiri alibe mpanda, motero ndalama za pachipata sizitoleredwa mokwanira. Osewera ambiri amakhala ana asukulu, alimi kapena ochita geni, amene amasewera chifukwa cha chikondi ndi chiyembekezo. Timu ikasowa galimoto n'kulephera kufika pabwalo imataya mapointi osamenya mpira n'komwe. Pamwamba pa izi, mu 2020 mliri wa Covid-19 udaimitsa masewero m'dziko lonse kwa miyezi yambiri. Matimu ena a m'zigawo adafera m'zaka zoterezi. Mpira wa ku Dedza sudafe.

Kukwera kwachiwiri

Pamapeto pa mpikisano wa 2021, malo a chigawo chapakati mu Super League adabwera ku Dedza, ndipo timu idalowa mu ligi ya 2022 ndi dzina la Dedza Dynamos. Idakwera pamodzi ndi Sable Farming ya kumwera ndi Rumphi United ya kumpoto. Itatha mipira 30 ya chakacho, Sable Farming ndi Rumphi United zidabwerera kumene zidachokera, pamodzi ndi TN Stars ya ku Kasungu. Mwa alendo atatu aja, Dedza Dynamos yokha ndiyo idatsala. Chimene chidakanika mu 2015 chidatheka mu 2022.

Chimodzi mwa zimene zidasintha ndi thandizo. Kampani yopanga shuga ya Salima Sugar idalowetsa dzina lake ndi ndalama zake mu timuyi, kotero kuti nzimbe za m'mphepete mwa nyanja zidathandiza kuimika timu yosewerera pamwamba pa mapiri. China ndi bwalo la Dedza Stadium, kumene anthu ankadzaza kudzachemerera, ndipo matimu akuluakulu adaphunzira kuti mapointi a kumeneko satoleredwa chabe.

Chaka cha 2023 chidabweretsa ulemu wina. M'chaka chimene FCB Nyasa Big Bullets idasesa ligi ndi zikho zonse, womwetsa zigoli zambiri mu Super League sadachokere ku Bullets, ku Wanderers kapena ku Silver. Adali Clement Nyondo wa Dedza Dynamos, amene adamwetsa zigoli 16. Timuyi idakhalabe mu ligi chakacho, ndipo idateronso mu 2024, pamene ukatswiri udapita kwa Silver Strikers.

Mtengo wa kukwera

Ulemu wotere umabwera ndi mtengo wake. Mu 2024 Nyondo adapita ku Wanderers, ndipo m'chaka chomwecho mnzake womwetsa zigoli, Promise Kamwendo, adalowera komweko. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo palibe angaletse mnyamata kupita kumene kuli malipiro abwino pantchito yotha msanga ngati ya mpira. Koma kwa timu yaing'ono izi zitanthauza kumanganso chaka ndi chaka: imasula wosewera, akapsa amatengedwa, iyo n'kubwerera kukafunafuna wina.

Nalo dzina la wothandiza silikhalitsa. Pamene padali Salima Sugar padabwera Premier Bet mu 2024. Mbiri ya Bullets ndi Wanderers ikusonyeza kuti makampani amabwera n'kupita, koma chimene chimasunga timu ndi anthu amene amaitcha yawo. Pa dzina la timu ya kuno, liwu limene latsala m'zaka zonsezi ndi lakuti Dedza.

Makwerero nawonso atalika. Mu 2025 padakhazikitsidwa ligi yatsopano ya dziko lonse, ya National Division, pakati pa ligi za zigawo ndi Super League. Timu yatsopano imene ingafune kukwera lero ili ndi sitepe ina yowonjezera yoti idutse.

Kutsika sikusankha timu. Anthu a ku Mtakataka, kumene kuli sukulu yophunzitsa apolisi, akuidziwa bwino Blue Eagles. Timu ya apolisiyi, ngakhale idali ndi thandizo lokhazikika, idatuluka mu ligi yaikulu mu 2023. Chaka chotsatira, ikusewera mu ligi ya chigawo, idagonjetsa Bullets pamapenate mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank, ndipo idabwereranso mu Super League. Nkhani ya Blue Eagles ndi ya Dedza zikugwirizana pa mfundo imodzi: timu imene siimwazika ikagwa ndiyo imadzuka.

Gawo la kuchigwa

Kwa wokonda mpira wa ku Mtakataka, Mua kapena Golomoti, bwalo la timu ya boma lake lili kuseri kwa mapiri. Kukaonera mpira kumafuna ndalama ya galimoto kapena njinga yamoto yokwera Khwekhwerere ndi kubwerako usiku, choncho ambiri amautsatira pawailesi ndi pafoni. Komabe mpira weniweni kuchigwa sudasowepo. Pamabwalo a sukulu za m'mbali mwa msewu wa Salima ndi Balaka, mudzi umakumana ndi mudzi unzake pakatha zokolola, nthawi zina polimbirana mbuzi kapena mpira watsopano. Mipikisano ya bonanza imabwera kawirikawiri chisankho chikayandikira, n'kuzilala chikadutsa.

Apa m'pamene pagona nkhawa ya mtsogolo. Timu imene imagulitsa osewera ake abwino chaka ndi chaka imakhala ndi moyo pokhapokha ngati chitsime chake sichiphwa, ndipo chitsime cha timu ya Dedza ndi midzi ya boma lonse, kumtunda ndi kuchigwa komwe. Mwana waluso wa kunyanja amafuna bwalo losalimidwa, mpikisano wa chaka ndi chaka wosadikira chisankho, ndi munthu womuona n'kumulozera njira. Kuti luso la kumudzi lingafike kutali, umboni ulipo: Tabitha ndi Temwa Chawinga adachokera ku Rumphi, ndipo mu 2024 Temwa adamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku America akusewerera Kansas City Current. M'dera limene Inkosi Theresa Kachindamoto adatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, bwalo la mpira liyenera kukhala la ana aakazi monga momwe lilili la ana aamuna.

Dera lino lidazolowera kusunga mbiri. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa malo a Kungoni, kumene nyumba ya Chamare imasunga chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Zojambula za makolo pamiyala ya ku Chongoni zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zonsezi zidapulumuka chifukwa padapezeka anthu ozisamala nthawi isadathe. Mbiri ya mpira wa m'midzi ikadali m'mitu ya anthu: maina a matimu akale, a aphunzitsi amene ankagula mpira ndi ndalama za m'thumba mwawo, a mafumu amene adapereka malo a bwalo, a amayi amene ankachapa mayunifomu ndi kuphikira osewera. Ambiri mwa odziwa zimenezi akadali moyo, ndipo ena ali pamwambo uno. Mabungwe osunga chikhalidwe, sukulu ndi mafumu angathe kuwafunsa ndi kulemba zimene akudziwa.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Dedza idadumpha mu 2015 n'kugwa, idadikira zaka zisanu ndi chimodzi, idadumphanso mu 2022 n'kuima. Ukatswiri wa ligi, umene kufika mu 2024 udali usadatulukepo m'mizinda iwiri ija, ndiwo mtunda wotsala, ndipo ana amene angadzauthe ndi omwe lero akumenya chikulunga pansi pa malambe a ku Mtakataka ndi m'mphepete mwa minda ya mbatatesi kumtunda.